Kathumba ka m'Dziwe la Anamwino

Anamwino anapuma pantchito ya kuchipatala, koma ukhondo wokha sunapume nawo. M'nyumba mwawo ngakhale ntchentche inkalowa mwaulemu. Kuseri kwa nyumbayo kunali dziwe lasimenti lomwe malemu amuna awo anawasiyira, ndipo nsomba zake ankazikonda ngati ana, poti zinali zidzukulu za zomwe bambowo anaikamo ndi manja awo.

Chimwalirireni bambowo, wosamalira dziwelo anali mng'ono wa malemuwo, munthu wosayankhulayankhula. Kufatsa kwakeko n'komwe kunkawakayikitsa Anamwino. Munthu wanji wobwera m'mawa uliwonse osapempha ngakhale sopo? Mumtima ankati mlamu ameneyu akuyeza mpanda ndi maso, nyumbayi akuifuna.

Tsiku lina ali pawindo la kukhitchini anamuona akumiza kathumba pangodya ya dziwe, n'kukamangirira ku chikhomo. Sabata isanathe madzi anabiriwira, nsomba osaonekanso. Mtima wawo unangoti myuu! Mnzawo wogulitsa makala anawalangiza kuti ayambe amufunsa bwinobwino mwiniwakeyo, koma iwo anati mbala saifunsa, amangoigwira.

Mlamu atafika m'mawa mwake anapeza kathumba kaja kali pakhonde, kakununkha.

"Alamu, mukupha nsomba za akulu anu kuti ine ndisamuke pano?"

"Ndi zitosi za nkhuku zimenezo, alamu. Mundilole ndifotokoze."

"Zitosi! Ndiye mwavomera nokha. Tulukani, phazi lanu ndisadzalionenso pakhomo pano."

Anayankhula mokweza dala kuti oyandikana nawo amve, ndipo anamvadi. Mlamu anatola chipewa chake n'kumapita.

Pamenepo Anamwino anamanga chiuno. Anavuulira nsomba m'ndowa, n'kutsegula paipi, madzi obiriwira onse n'kuthera m'ngalande. Makoma anawakwecha ndi sopo ndi mankhwala oyeretsera zovala, kenako anadzazamo madzi a pampopi n'kubwezeramo nsomba. Dziwe linangoti mbee, pansi penipeni kuoneka. Iwo kunyadira kwake, ngati apambana mlandu.

Pofika madzulo nsomba zinali zikupumira pamwamba, kukamwa yasa. Kutacha zonse zinali gada, mimba zoyera zili m'mwamba. Sinatsale ndi imodzi yomwe.

Wogulitsa makala uja anaitana mlangizi wa zansomba. Mlangiziyo anati kubiriwirako ndiye chakudya cha nsomba, ndipo chimamera ndi zitosi za m'kathumba. Anatinso madzi a pampopi amayamba agonera masiku angapo kuti mankhwala ake auluke, pomwe sopo ndiye poizoni weniweni. Kenako anagwira chikhomo chija, chodzaza ndi zipsera za zingwe zakale, n'kufunsa kuti anachikhoma ndani.

Anamwino anakhala pansi. Chikhomocho anakhoma ndi amuna awo. Zaka zonsezo iwo ankalawirira kuntchito, moti sanaonepo kuti mlamuyo ankangotsata zomwe mkulu wake anamuphunzitsa. Manyazi anawagwira, chisoni n'kuwonjezera.

Anapita kukapepesa. Mlamu anawapatsa mpando, n'kuwamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndamva, alamu, ndipo sindikusunga mangawa. Koma mumsewu monse anthu akundiloza zala kuti ndimalanda za amasiye. Zimenezo mukazitola bwanji?"

Anamwino anabwerera kwawo, n'kukapeza dziwe loyera bwino lopanda kanthu. Akuluakulu sananame, madzi akatayika saoleka.