Galu wa Nangondo ndi Kamphaka ka m'Thumba

Miyambi mumainena ndithu, ndimakumvani pabwalo apo, koma nditakufunsani kumene inachokera mungoyang'anana ngati nkhuku zonyowa. Lero ndikuuzani chiyambi cha umodzi. Sindiutchula msanga ayi, muupeza kumapeto. Khalani bwino, ndipo iwe uli kumbuyoko usiye kutsina mnzako.

Kale ndithu, m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri cha ku Dowa, munali mayi wina dzina lake Nangondo ndi amuna ake a Kachigamba. Ana awo anali atakula n'kupita kumabanja, moti pakhomo panatsala awiriwo ndi galu wamkazi wofiira. Galuyu anali wa malemu mlongo wake wa Nangondo, mlenje wodziwika. Iyeyo ndiye anamutcha Adzatopa, poyankha anthu amene ankamujeda, pajatu kwathu kuno dzina la galu limakhala ndi munthu woti alimve. Mlenjeyo pomwalira sanasiye mbuzi, sanasiye khasu, anangosiya galu. Nangondo ankamukonda galuyo ngati munthu.

A Kachigamba sanali munthu woipa, musandimve molakwa. Anali wolimbika pantchito, koma wouma pa chinthu chimodzi: chilichonse chodya pakhomo pawo chizigwira ntchito. Nkhuku ikaleka kuikira, mpeni. Adzatopa ankamulola chifukwa ankagwira nchenzi ndi kupirikitsa anyani kumunda.

Vuto la pakhomopo linali makoswe. Makoswe ake, abale! Ankayenda padenga dzuwa likuswa mtengo, osaopa munthu. Anaboola nkhokwe, anaboolanso chikwatu chimene Nangondo anasungamo mtedza wa mbewu. Mankhwala a makoswe aliyense amawadziwa, ndi mphaka. Koma Adzatopa ndi mphaka sankaonana. Woyamba amene a Kachigamba anabwera naye, galu anamuthyola msana tsiku lomwelo. Wachiwiri anathawira mumtengo, ndipo atatsika analunjika kwawo osatsazika.

Tsiku lina a Kachigamba anafika kuchokera kutsidya atanyamula kathumba. Mphaka timamunyamula m'thumba kuti asaone njira, apo ayi mawa lake mumupeza wabwerera kwawo. Koma kameneka ngakhale akanakanyamula pamanja sikakanaiona njira, poti maso anali atangotsekuka kumene. Make anali atafa polumidwa ndi njoka. Atakakhutulira pamphasa kanali kanthu kakuda, nthiti zokhazokha, kolira ngati mwanapiye.

"Nangondo, mumvetse bwino," anatero a Kachigamba. "Mbiri ya galu wanuyu yafika kutali. Aliyense akuti sangandipatse mphaka wamkulu galuyu adakali moyo. Aka andipatsa chifukwa akuti n'kakufa kale. Kakafa, kaya ndi mano kaya ndi njala, ine nditenga chingwe kupita ndi galu kudambo, ndipo ndikabwerako ndekha."

"Bambo, galu wa malemu mlongo wanga?"

"Malemu sadya chimanga, mayi. Ife timadya."

Nangondo anadziwa kuti amuna ake sanena kawiri. Anakaika kamphakako m'dengu, n'kulipachika pamtanda m'khitchini kuti galu asalifike. Anakama mbuzi, n'kumaviika kansanza mumkaka kuti kaziyamwa. Kankayamwa pang'ono, kenako n'kusanza. Anayesa phala lamadzimadzi, kanakana. Tsiku lililonse kulira kwake kunkacheperachepera, ndipo mtima wa Nangondo unkawawa, chifukwa ankadziwa kuti mpweya wa kanthu kameneko ndiwo mpweya wa Adzatopa.

Tsono masiku omwewo Adzatopa naye anali pamaliro. Anali ataswa ana kuseri kwa khola, koma linthumbu linawalowera iye ali kumunda, osasiyapo ndi mmodzi yemwe. Galuyo ankangozungulira pakhomo akulira, mawere atatupa, mkaka ukudontha pansi.

M'mawa wina Nangondo anaima pakhomo la khitchini. Kumbuyo kwake kamphaka kakufa ndi njala, kutsogolo kwake mkaka ukutayikira m'dothi. Pamenepo anakumbukira zimene bambo ake ankachita mbuzi ikafa n'kusiya mwana. Ankakama mbuzi ina yoyamwitsa, n'kupaka mkakawo pamsana pa kamasiyeko, kuwazapo kamchere. Mbuziyo ikanunkhiza inkamva fungo lake lomwe, ikanyambita inkamva kukoma, basi mwana wapeza make.

Anatsitsa dengu lija. A Kachigamba, amene ankasema mpini pakhonde, anadzambatuka.

"Mwapenga kodi? Mukukasungitsa nyama kwa fisi?"

"Nanga ndikasiye kafe ndi njala? Kufa n'kumodzi, bambo."

"Mbuzi ndi mbuzi. Uyu ndi galu, uyo ndi mphaka!"

"Mphuno ndi imodzimodzi. Imani apo ndi mpini wanuwo, koma musaukweze ine ndisananene."

Nangondo anakhala pansi n'kuitana galu. Anamusisita mpaka anagona cham'mbali, n'kuyamba kumukama pang'onopang'ono, mkaka ukugwera m'dzanja. Anapaka kamphakako mutu, msana, mimba, mpaka kumchira. Anatenga chiguduli chimene ana agalu aja ankagonapo n'kukapukuta nacho, kenako kamchere pamsana. Atatero anakolekera mkono m'khosi mwa galu, n'kukaika kanthuko pafupi ndi mphuno yake.

Ha! Ubweya wa Adzatopa unaima njo. Milomo inakwera, mano onse poyera, kukhosi kukulira ngati mphero. Koma Nangondo sanachotse manja ake.

"Adzatopa, mwanawe," anamunong'oneza, "ako aja anapita. Uyu alibe make, iwe ulibe mwana. Tanunkhiza bwino."

Galu ananunkhiza. Anatembenuza mutu kumbali ngati wanyansidwa, n'kubwereranso kudzanunkhiza. Kulira kwa kukhosi kuja kunayamba kutsika. Kenako lilime linatuluka n'kunyambita kamodzi, kamphaka n'kugubuduka chagada. Ananyambitanso, ananyambitanso, mpaka kanthuko kanakwawa kokha n'kukapeza bere. Adzatopa anatsitsa mutu pansi n'kupuma mpweya wautali. Nangondo analira misozi, ndipo a Kachigamba anabwerera kukasema mpini wawo.

Musaganize kuti ntchito inathera pomwepo. Nangondo anapitiriza kupaka mkaka m'mawa uliwonse, ndipo sankazisiya ziwirizo pazokha mpaka ataona galu akukanyamula kamphakako pakhosi kukabisa mumthunzi. Chakudya ankazipatsa padera, galu mbale yake, mphaka phale lake, poti njala sidziwa chibale. Kamphakako anakatcha Kathumba.

Kathumba anakula ali mphaka wamakhalidwe a galu. Ankatsatira anthu kumunda, ankathamangira alendo kunjira, kungoti kuuwa kokha ndiko kunamukanika. Ena m'mudzimo ankaseka, ena ankanong'ona kuti pakhomo pa Nangondo pali mankhwala. Anthu! Chinthu chikangowaposa nzeru, ndiye kuti ufiti. Koma makoswe anatha psiti, mtedza wa mbewu unafika nthawi yodzala uli wonse, ndipo a Kachigamba ankayenda monyada akuti, "Mphaka wanga uja ndi chilombo." Wawo!

Zaka zinapitapo, ndipo kunadza chaka choipa. Mvula inadula chimanga chikumasula, nkhokwe zinatha msanga, anthu n'kuyamba kudya phala la madeya. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Adzatopa anakodwa mumsampha wa nguluwe. Anapulumuka, koma mwendo wakumbuyo unafota, ndipo ukalamba nawo unali utamupeza. Nchenzi sakanagwiranso. Ankangogona pansi pa nkhokwe yopanda kanthu ija.

"Kumupha sindimupha, pokumbukira kuti anatilerera mphaka," anatero a Kachigamba. "Koma madeya athu asalawe. Sitingagawane ndi galu chakudya chosakwana anthu awiri. Adzionere yekha."

Nangondo anavomera mutu uli pansi. Akanatani? M'lichero munali mooneka pansi. Ankangomupititsira madzi, n'kumusisita, n'kuchoka msanga kuti asaone maso ake.

Koma masiku anapita, galu osafa. Kuonda anaonda, koma maso anali owala, ndipo mchira unkagunda pansi munthu akamadutsa. Amene ankatha ngati sopo anali Nangondo. A Kachigamba anayamba kukayika. Ankati akatapa madeya, ankasalaza pamwamba n'kudindapo chikhatho chawo, monga amachitira anthu osakhulupirira a m'nyumba mwawo. Pobwera kumunda ankapeza chikhatho chili chomwecho, zala zonse zikuoneka. Pamenepo anaganiza kuti mkazi wawo akubisa phala la m'mbale yake yomwe.

"Nangondo, mukudzipha chifukwa cha galu?"

"Sindimupatsa, bambo."

"Nanga akudya mphepo? Taonani mikono yanuyo! Inu mukutha, iye ali moyo."

"Ndikulumbira pa malemu mlongo wanga, sindimupatsa kanthu."

"Bodza! Ine sindingaike mkazi wanga m'manda kuti galu atsale. Mawa ndipita naye kudambo."

Mukuona, ana inu, nkhanza zina zimabadwa ndi mantha. Bamboyo ankaopa kutaya mkazi wake, ndipo mantha anamutseka makutu.

Kutacha, dzuwa litangotuluka, a Kachigamba anatenga chingwe n'kulunjika kunkhokwe. Nangondo anawatsatira akulira, akuwagwira malaya, iwo osacheuka. Adzatopa atawaona anagunditsa mchira pansi, osadziwa kanthu. Bamboyo anagwada kuti amukoleke chingwe, ndipo pogwadapo anaona zimene munthu woimirira sakanaziona. Kuseri kwa mwendo wa nkhokwe kunali mulu wa nthenga za njiwa ndi timichira ta mbewa, tina touma, tina tatsopano.

Asanafunse, udzu unagwedezeka kumbali kwa khola. Anatulukira Kathumba, mame ali thupi lonse, atanyamula mbewa yonenepa pakamwa. Anthuwo sanawayang'ane n'komwe. Anadutsa pafupi ndi bondo la a Kachigamba, n'kuika mbewayo pakati pa miyendo ya galu, n'kuikankha ndi phazi kuti ifike pakamwa. Kenako anakhala pambali, mimba yake itaphwa ndi njala, akuyang'anira. Adzatopa anadya, n'kusiyako kamutu. Mphaka anatola kamutuko n'kudya. Atatha, galu anatambasula khosi n'kuyamba kumunyambita pamsana, malo omwe aja Nangondo anawazapo mchere.

A Kachigamba anayang'ana chingwe chili m'manja mwawo.

"Ndiye kuti simumamupatsadi," anatero mawu ali pansi.

"Ndinakuuzani, bambo. Akudya mkaka wake womwe uja."

"Mwana wa mphaka, kudyetsa galu!"

"Kwa inu ndi wa mphaka. Kwa iye ndi mwana wake, anamulera yekha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo. Ukachenjera manja udya naye."

A Kachigamba anadzuka pomwe anagwadapo. Kenako anakulunga chingwe chija n'kukachiponya padenga la khola. Masana a tsikulo, phala litapsa, anadya theka la mbale yawo, n'kunyamuka nayo kupita kunkhokwe. Nangondo anawayang'ana modabwa.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Mukufuna mphaka atipose umunthu?"

Njala inatha, monga zimathera njala zonse. Adzatopa anadya chimanga chatsopano, anakhalanso zaka zingapo akutsimphina, ndipo atafa ndi ukalamba a Kachigamba ndiwo anamukumbira dzenje. Nkhaniyi ankaifotokoza okha pabwalo, osabisa za chingwe, mpaka mawu a Nangondo aja anafalikira midzi yonse.

Ndiwotu mwambi wathu: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tanthauzo lake n'lakuti mwana aliyense amene wafika m'manja mwako, kaya ndi wamasiye, kaya ndi wa mnansi, kaya ndi wa munthu amene sunkagwirizana naye, umulere monga wobala wekha. Manja ochenjera si manja akuba ayi, iwe ukusekawe. Ndi manja odziwa kugawa, osamana, osamenya mwana chifukwa choti si magazi ako. Sulera kuti adzakulipire, Adzatopa sanawerengere mkaka wake. Koma mawa salidziwa munthu, ndipo kawirikawiri amene amadzakupatsa madzi miyendo itafooka ndi uja unamutola akulira.

Ndikudziwa kuti kunyumba kwa ena mwa inu kuli mwana wotere, wobwera ndi kathumba ka zovala, amene amadya pomaliza ndi kugona kufupi ndi chitseko. Lero pakudya mumusendezere mbale.