Tsiku Limene Foni Inapha a Makina

Kampani ya Chikondwero inali chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo pa Phalombe, chokhala ndi matebulo awiri ndi fani yomwe inkazungulira magetsi akafuna. Ogwira ntchito analinso awiri: iye mwini, wolemba mapulogalamu a pafoni, ndi msuweni wake Violet, woyenda m'midzi kukakumana ndi makasitomala. Malonda awo anali amodzi okha, pulogalamu yotchedwa Thyolani.

Thyolani inabadwa chifukwa cha misozi ya alimi a matimati a kalabu ya ku Jenala. Kale ankathyola, n'kuunjika madengu m'mbali mwa msewu, lole osabwera, matimati n'kumaphikika ndi dzuwa. Chikondwero anakonza batani limodzi lalikulu pakati pa sikirini. A Makina, dalaivala wa lole, mwana wa ku Jenala komweko, akamanyamuka ku Limbe ankangolidina osayang'ana n'komwe, mafoni a alimi n'kulira: "Lole yanyamuka, thyolani." Basi. Lole ikamafika chakumadzulo, itadzera m'misika ina, inkapeza madengu ali mbwee, matimati akadali olimba. Kalabu imeneyi ndiyo inali kasitomala yekhayo wa kampani, ndipo makalabu a ku Mkhumba anali atayamba kufunsafunsa.

Zinthu zinasokonekera Chikondwero atapita kumsonkhano wa akatswiri a makompyuta ku Blantyre. Kumeneko mnyamata wina wa tayi anatsegula Thyolani, n'kuseka. "Batani limodzi? Amwene, iyi ndi pulogalamu kapena belu la kusukulu?"

Mawuwo anamulowa ngati minga ya kuphazi. Atabwerera sanadye bwino. Anawonjezera mitengo ya pamsika. Anawonjezera zanyengo. Kenako mavidiyo a ulimi, malo ochezerapo, zigoli za mpira, nyimbo za kwaya.

"Msuweni," anatero Violet tsiku lina akuyang'ana pa laputopu, "ukumanga pulogalamu kapena msika wa pa Migowi? Kwatsala kaunjika ndi usipa."

"Iwe umadziwa chiyani? Dziko likuthamanga."

"Lithamange. Ndani wakupempha zimenezi? A Fyness a ku kalabu aja anakupempha mpira?"

"Kasitomala sadziwa chimene akufuna mpaka atachiona."

"Nanga wayesa pa foni ngati za kwathu zija, zodzaza kale ndi zithunzi za ukwati? Kapena ukuyesera pa yakoyo yonga mbale?"

Chikondwero anangoti adzayesa. M'malo mwake anawonjezera chinthu china chimene iye ankati n'chamtengo wapatali kuposa zonse, batani lolengezera maliro. Poti nthawi inamuthera, anangokopera malamulo a batani lakale lija: kudina kamodzi, uthenga wapita kwa onse, popanda kufunsa ngati munthu watsimikiza. Pofuna kuti chatsopanocho chioneke, anachiika pakati pa sikirini. Batani la lole analikankhira m'munsi, pansi pa zigoli za mpira.

"Tiyambe tawapatsa anthu awiri atatu ayese," anachonderera Violet. "Ino ndi sabata yokolola. Tidikire ipite. Ngakhale a Makina okha tiwaonetse kaye."

"Chinthu chabwino sichifuna kuphunzitsa," anayankha Chikondwero, n'kutumiza pulogalamu yatsopanoyo kumafoni onse.

M'mawa mwake foni yake inalira akumwa tiyi. Anali a Fyness, wapampando wa kalabu.

"Achimwene, mwamva zatigwera? A Makina atisiya."

Chikondwero anaika kapu pansi. "Mwamva kwa ndani, mayi?"

"Kwa chinthu chanu chomwechi. Mafoni onse alira. Palembedwa kuti, 'Uthenga wa maliro: Makina.' Akazi awo a Rozaria akomoka kudimba, tachita kuwanyamula."

Chikondwero anatsegula laputopu. Uthengawo unachokeradi pa foni ya a Makina, pa nthawi imene iwo ankanyamukira ku Limbe masiku onse. Dzinalo linali la wotumiza, osati la womwalira. Iye ndi amene analemba choncho, osaganiza kuti munthu wowerenga adzamva bwanji. Anaona m'maganizo mwake chala cha a Makina chikupita pakati pa sikirini, pamene chinazolowera.

"Aimbire a Makina," anatero Violet, nkhope itauma.

Foni inali yozima. Anayesanso. Yozima.

"Mavidiyo akowo adya batire," anatero Violet. "Auze a Fyness kuti munthu ali moyo, anthu apite kukathyola."

Chikondwero ananyamula foni, koma anaima. Akanalumbira bwanji? Nanga ngati lole inagwadi panjira, munthu wina n'kutola foni ya a Makina n'kudina dala? Angauze mkazi wolira kuti apukute misozi, madzulo n'kubwera bokosi? Analemba uthenga woti anthu adekhe kaye, koma pulogalamu inali italemera ngati thumba la mchenga wonyowa. Pa mafoni ang'onoang'ono a ku Jenala inkangozungulira, ikulimbana ndi kukoka mavidiyo pa netiweki yofooka, uthengawo uli pamzere kumbuyo kwa nyimbo za kwaya.

"Kwera," anatero Violet akuliza njinga yamoto.

Anafika ku Jenala dzuwa litakwera. M'madimba munalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Matimati anali psuu m'mizere, makasu ndi madengu zili mbwerekete pamene eni ake anazitaya. Kumudzi maliro akagwa palibe wogwira ntchito ya kumunda, ndipo a Makina sanali mlendo. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango zipewa zili m'manja, amayi ali m'nyumba ya a Rozaria, nyimbo itayamba kale. Anyamata anali atayala masamba pamsewu.

Chikondwero anagwada pafupi ndi a Fyness. "Mayi, mwina ndi kulakwitsa chabe. Mwina anangodina polakwika."

"Mwina?" A Fyness anamuyang'ana m'maso. "Mukundiuza kuti ndilowe m'nyumbamo ndikawauze a Rozaria kuti mwina? Ali moyo kapena ayi?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye khalani pansi mukhuze nafe."

Anakhala. Dzuwa linapendeka iye akuyang'ana kumsewu. Nthawi iliyonse mayi wina akakweza mawu m'nyumba muja, iye ankamva ngati akumutchula dzina. Violet anakhala patali, osamuyang'ana.

Kenako kunamveka kulira kwa injini. Lole inatulukira pakhota, fumbi lili koboo, n'kuchepetsa liwiro itafika pa masamba aja. Inaima. Chitseko chinatseguka, ndipo a Makina anatsika, navula chipewa mwaulemu, nayenda chowerama kupita kwa amuna aja.

"Pepani abale anga, sindinamve," anatero motsitsa mawu. "Watisiya ndani?"

Mkulu wina anadzuka n'kubwerera chambuyo. Mwana anakuwa. A Rozaria anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja, anawagwira amuna awo kumaso, m'mapewa, m'manja, kenako anakhala pansi n'kulira kuposa poyamba.

Chimwemwe chinalipo, koma sichinakhalitse. A Makina atamva nkhani yonse anayang'ana kumadimba, n'kuyang'ana dzuwa. Wogula ankadikira katundu ku Limbe tsiku lomwelo, ndipo panalibe dengu ndi limodzi lomwe lodzaza. Anthu anathamangira kukathyola, koma manja amene akhala tsiku lonse pamaliro sathyola munda wonse mdima usanagwe. Lole inabwerera ikugubuduka ndi madengu owerengeka. Otsalawo anayenera kudikira ulendo wina, ndipo matimati akapsa sadikira munthu.

A Makina asanakwere anafika pamene panaima Chikondwero. "Mphwanga, ine ndayendetsa lole m'matope ndi m'mapiri osafa. Iwe wandipha uli pampando."

A Fyness sanakweze mawu. Anatulutsa foni yawo, naitana mdzukulu wawo wamkazi kuti afufute Thyolani, Chikondwero akuona. Ena anachita chimodzimodzi.

"Mayi, ndibwezeretsa yakale ija," anatero iye. "Batani limodzi lokha, mawa lomweli."

"Yakale ija tinkaikhulupirira," anayankha a Fyness. "Ikalira tinkataya chilichonse n'kuthamanga. Tsopano ikadzalira tidzayamba tafunsana ngati ikunena zoona. Ndiye phindu lake n'chiyani? Tiziimbirana foni ngati kale."

Nkhani inafika ku Mkhumba iwo asanafike n'komwe kunyumba, ndipo makalabu aja sanafunsenso. Sabata yotsatira Chikondwero anakhala muofesi akuchotsa zonse zimene anawonjezera, chimodzichimodzi, mpaka pa sikirini panatsala batani limodzi lija, lokongola, lopepuka, lopanda wolidina.

Violet anaima pakhomo chikwama chili paphewa, akupita kukagogoda m'makalabu ena kumene dzina lawo linali lisanafike.

"Zigoli za mpira uzibwezeretse, msuweni," anatero. "Uziona wekha pamene tagonja."

Chikondwero sanaseke. Anali ndi nthambi imodzi yolimba, yobala, ndipo anaisiya kuti agwire zonse za mumtengo. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene ananena kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.