Thope la Nangondo Pamphuno pa Galimoto

Kalekale, nyama zikadayankhula, kudagwa chilala choopsa. Dziwe la mvuu lidaphwa, n'kutsala kathope pang'ono pakatikati. Mvuu ina, dzina lake Nangondo, idali ndi mwana wamng'ono, Mwatitha. Paja mukudziwa, khungu la mvuu silipirira dzuwa. La Mwatitha lidali litayamba kale kung'ambika pamsana. Kuti apulumuke adayenera kukafika kumtsinje waukulu, ndipo kumeneko sikudali koyenda ndi timiyendo ta mwana.

Njiri adali ndi galimoto yakale yapabwalo kumbuyo, yokhala ndi makina oziziritsa mpweya, aja amati eyakoni. Nangondo adakamupempha kuti awanyamule.

"Mwanayu akhale kutsogolo ndi ine, azimva ngati ali m'madzi," adatero Njiri. "Inu mayi, kumbuyo."

Njiri akukonzeka, Nangondo adaona galimoto ili padzuwa, zitsulo zikuchita kuotcha. Chifundo chidamugwira. Adatapa thope lotsala lija, lina n'kumata mwana, lina n'kumata kumaso kwa galimoto, phaa! phaa! mpaka timipata tonse tidatsekeka. Njiri atabwera adaomba m'manja. Nanga si nayenso ndi mwana wa m'matope?

"Mayi, mwandisamalira galimoto ngati mwana wanu!"

Adanyamuka. Adayenda, adayenda. Koma mpweya wotuluka m'makina muja udali wofunda ngati wa m'kamwa.

"Musadandaule, ndi fyuzi, kawaya koteteza magetsi kaja," adatero Njiri. Adaima, adasolola fyuzi, adaiunika padzuwa. Yabwinobwino.

Adayenda, adayenda, mpweya wotentha basi. Adafika pagalaja ya Fisi.

"Gasi woziziritsa watha ameneyu," adatero Fisi asadakhudze n'komwe galimoto. Maso ake adali pa Mwatitha. Adathira gasi, adaliza injini. Mpweya wotentha basi.

"Ndiye musiye galimotoyi pano," adatero Fisi, dovu likuchucha. "Kamwanako mukasiyenso, ndikusungirani pamthunzi."

Nangondo adangoyasamula, kukamwa konse yasaa, mano mbee. Fisi adakumbukira kuti akufunika kumaliro kwinakwake, liwiro lake losatembenuka.

Adayenda, adayenda, mpweya wotentha basi. Adaima pansi pa mlambe wopanda ndi tsamba lomwe. Njiri adatsegula boneti. Adagwira lamba wa injini, wolimba. Adatsata mapaipi, osadontha. Adatchera khutu, makina akuti tha! kugwira, tha! kusiya. Adakhala pansi, manja m'khosi.

"Mayi, nzeru zandithera. Chilichonse chili m'malo mwake, koma sikukuzizira."

Nangondo adasuzumira pawindo. Mwatitha adali wefuwefu, maso ali gwaa, osaliranso. Mantha adamugwira mayi uja. Poyang'anitsitsa adaona kuti thope lija laumira m'mphuno mwa mwana. Adalichotsa msangamsanga, mwana n'kupuma, fuuu!

Nangondo adayang'ana mwana. Adayang'ana galimoto.

"Bambo Njiri, kodi galimotoyi imapumira pati?"

"Kutsogoloko. Kuli chitsulo chonga chisa cha njuchi. Mphepo ikamadutsa m'timabowo take imachotsa kutentha kwa gasi, ndiye mkatimu mumazi..."

Njiri sadamalize. Awiriwo adangoyang'anana.

"Mayo ine!" adalira Nangondo. "Ndaitseka mphuno ndi manja angawa!"

"Ine n'kuombera m'manja," adatero Njiri. "Uchitsiru wathu ndi wa mtundu umodzi, mayi."

Njiri adapala thope ndi mano ake okhota aja, mabuma n'kumagwa pansi. Koma la m'timabowo lidakana, lidafuna madzi. Madzi adalipo a m'chigubu chimodzi chokha, amene Nangondo ankasungira msana wa mwana.

"Tikathira apa n'kukanika, mwanayu ndimunyowetsa ndi chiyani?" adafunsa.

Njiri adangowerama.

Nangondo adanyamula chigubu, n'kuthira pang'onopang'ono. Madzi akuda adayenderera pansi, timabowo tidayamba kuoneka. Chigubu chidatsala mbee.

Njiri adaliza injini. Adadikira. Mpweya wofunda. Adadikirabe. Kenaka kamawu kadamveka kutsogolo kuja:

"Amayi, kukuzizira!"

Abale inu, Nangondo adakhala pansi pamsewu pomwepo, akulira ndi kuseka pamodzi. Mtima udakhala m'malo. Njiri adaika mphuno yake pamakina paja, osafunanso kuichotsa, mpaka mayi adachita kumukumbutsa kuti ulendo ukadalipo.

Dzuwa lisadapendeke adafika kumtsinje. Mwatitha adatsika yekha, adathamanga, chubwi! M'madzimo mudangotsala timakutu tikugwedezeka. Nangondo adatapa thope lakuda bii la m'mbali mwa mtsinje, n'kumata Njiri thupi lonse pomuthokoza. Galimoto sadaikhudze.

Phunziro lake nali: chimene chimakuchiza iwe sichichiza aliyense. Usanathandize mnzako, yamba wafunsa kumene amapumira.

Yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata akaphule isanapserere.