Mayi Nkhanga ndi Mphindi Makumi Anayi

Amene akukayika akhale pansi andimve mpaka kumapeto, chifukwa ine ku Chileka ndi kwathu, ndipo ndege ndimazizindikira ndi kulira komwe. Kuseri kwa waya wa bwalo la ndege kunkakhala Mayi Nkhanga, wodzikonda ndi mawanga ake, ndi mnansi wake Namzeze. Onse awiri anaitanidwa ku Lilongwe ku ukwati wa mwana wamkazi wa Nkhanga, patatsala miyezi iwiri. Nkhanga, monga make mkwatibwi, ndiye ankayenera kukatsogolera gule. Mkangano unabuka pa nkhani ya tsiku lonyamuka.

"Achemwali, yambanipo lero," anatero Namzeze. "Ine tsiku limodzi ndafika, koma mapiko anuwo ndi odumphira mpanda basi."

"Iwe Namzeze, ungandiphunzitse ine za mumlengalenga?" anayankha Nkhanga akutukula khosi. "Tsiku ndi tsiku ndimamva pa chimkuzamawu akulengeza kuti ku Lilongwe ndi mphindi makumi anayi. Ndege ili ndi mapiko awiri, inenso awiri."

"Mphindizo ndi za ndege, achemwali. Mtundawo ndi makilomita oposa mazana awiri, ndipo sufupika chifukwa wina wauthamanga."

"Nsanje imeneyo," anatero Nkhanga, napitiriza kupalasa.

Miyezi iwiri ija itatha, Namzeze ananyamuka Lachisanu. Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati, Nkhanga anasamba fumbi, nasalaza nthenga zake imodzimodzi, nadikira ndege. Itangodzuka, nayenso anadzuka nayo: papapa! Anadutsa waya, nadutsa mtengo wa mango, kenaka khu! m'munda wa mbatata. Poyang'ana kumwamba, ndege inali itasanduka kadontho.

Anayesanso katatu mpaka mapiko analema. Dzuwa linamulowera ali ku Lunzu. Kubwerera anaopa kusekedwa, choncho anangoyamba wapansi. Anaoloka Shire pa Zalewa, agalu anamupirikitsa ku Ntcheu, chisanu chinamukwapula ku Dedza.

Anafika ku Lilongwe patapita miyezi iwiri. Anapeza mwana wake akupalasira anapiye asanu ndi atatu.

"Amayi! Tinkayesa mwadyedwa panjira," anatero mwanayo. "Tinakudikirani mpaka ng'oma zinazizira. Pamalo panu anavina ndi anansi anu, a Namzeze."

Kamwanapiye kena kanasuzumira pansi pa phiko la make. "Amayi, alendo opanda mchirawa ndi ndani?"

Namzeze, amene anali adakali ku Lilongweko, anatera pa nthambi osaseka. "Mwayenda bwanji, achemwali?"

Nkhanga anakhala pansi nawongola miyendo yotupa. "Ukwati wa mwana wanga wandiphonya," anatero. "Chimene ndapindula ndi matuza asanu ndi limodzi kumapazi, ndipo mchira wanga unatsala m'kamwa mwa galu wa ku Ntcheu."

Phunziro: Mtunda ndi umodzi kwa onse, koma nthawi yofika imatengera mapiko ako. Usayeze ulendo wako ndi liwiro la mnzako.