Munthu amene anakumba manthu wa chiswe

Panali munthu wina wokonda ngumbi kuposa nyama, koma wodana ndi chiswe koopsa. Kuseri kwa nkhokwe yake kunali chulu chachikulu. Chuluchi sichinali chake. Anachisiya ndi malemu mkulu wake, ndipo chaka chilichonse mvula ikagwa, mlamu wake wamasiye, Nachisale, ankatcherapo ngumbi. Zina ankadya ndi ana ake atatu, zina ankasinthanitsa ndi ufa m'miyezi ya njala.

Tsiku lina m'chilimwe, munthu uja anapeza chiswe chitadya mitengo ya nkhokwe yake. Anapsa mtima. Mlamu wake ali kumaliro kutali, iye anatenga khasu n'kukumba chulu tsiku lathunthu, mpaka anapeza kanyumba kolimba kadothi. M'katimo munagona manthu wa chiswe, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu, wosatha n'kuyenda komwe. Anamuponyera nkhuku, n'kukwirira dzenje bwinobwino. M'mutu mwake chiswe chinali china, ngumbi zina. Paja safunsa anadya phula.

Mvula inagwa. Nachisale anamweta udzu wofolera chulu, n'kukumba kadzenje koikamo mphika wogweramo ngumbi. Munthu uja anathandiza kusenza udzuwo, malovu ali kale m'kamwa. Pa zulu za anzawo ngumbi zinauluka. Pa chulu chawo, zii. Tsiku lachitatu munthu uja anafunsa kuti, "Kodi alamu, chaka chino zachedweranji?"

"Musadere nkhawa, alamu, zituluka," anatero Nachisale. "Manthu ali pansipa saleka kuikira mazira. Mazirawo ndiwo amaswa chiswe, ndipo china mwa chiswecho chimamera mapiko n'kudikira mvula. Ngumbi ndi zimenezo. Bola manthu ali moyo."

Apa munthu uja anazindikira zimene anachita. Manyazi anamugwira, ndipo anachoka ngati wakumbukira ntchito ina.

Akanaulula pomwepo, koma ayi. Anakhala chete milungu iwiri, akuona ana aja akuthamangira kuchulu m'mawa uliwonse, kukavundukula mphika n'kupezamo madzi amvula okhaokha. Anayamba kuzungulira njira yakutali popita kumunda kuti asakumane nawo. Chakudya chinaleka kumukomera.

Potsiriza anatapa chimanga chodzaza dengu n'kukachitula pakhomo pa mlamu wake.

Nachisale anayang'ana dengu, kenaka anayang'ana mwini wake. "Alamu, munayamba liti kugawa chimanga osapemphedwa?"

"Manthu uja ndinakumba ndine," anayankha maso ali pansi. "Sindinkadziwa."

Mayiyo sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanapepukirako. Anangoti, "Zosadziwazo ndamva. Koma tsiku lija ndinakuuzani, munadziwa. Mukanayankhula, ndikanakapempha pa chulu cha achimwene anga zikuulukabe. Pano nyengo yatha."

Inu amene mukumva, chamoyo chilichonse chili ndi ulendo wake. Chimene chikukukwiyitsani m'chilimwe mwina ndicho chidzadyetse ana dzinja likafika, chitangosintha maonekedwe. Musanakweze khasu, funsani kuti chimachokera kuti ndipo chimasanduka chiyani. Ndipo mukalakwa, nenani msanga, pamene mnzanu akadali ndi pothawira. Munthu uyu analakwa kawiri. Koyamba anapha chulu chifukwa cha umbuli, kachiwiri anagoneka ana ndi njala chifukwa cha manyazi.