Amene Adadya Mayeso a Zione

Kalekale, koma osati kale loti ululu wake n'kuiwalika, kudali mayi wina dzina lake Nachisale, mkazi wa msilikali. Mwamuna wake adali Kopolo Matewere. Chikwatiranireni adasamuka kasanu, mwakuti mbale zina za Nachisale zidaleka kutuluka m'makatoni. Iye ankati mkazi wa msilikali sabzala mango, amabzala mpiru.

Mwana wawo adali mmodzi yekha, Zione, wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo adali mu Sitandade 8. Anzake a msinkhu wake adali kale ku sekondale. Iye adabwereza Sitandade 4, adabwerezanso Sitandade 6, osati chifukwa cha ulesi kapena kugona m'mutu ayi. Kawiri konse lole ya asilikali idafika pakati pa chaka, ndipo kumene ankafikako ankamuuza kuti ayambirenso. Tsopano chaka chake chidali chitakwana. Dzina lidalembedwa, chithunzi chidajambulidwa, nambala ya mayeso idabwera. Mayesowo adali mu Meyi, ndipo Nachisale sankafuna china pansi pano koma kuona mwana wake atakhala pa desiki tsiku limenelo.

Mu Febuluwale lamulo lidatsika: Kopolo Matewere achoke ku balakisi ya kummwera, apite kumpoto. Lole ibwera Lachisanu.

"Bambo a Zione, pitani kwa bwana wanu mukapemphe," adatero Nachisale. "Inu tsogolani, ine ndi mwana titsale m'nyumba muno mpaka alembe. Ndi miyezi itatu yokha."

"Msilikali sapempha, amamvera," adayankha Matewere uku akupukuta nsapato. "Ndikaime pamaso pa bwana ndi nkhani ya mapensulo? Andiona ngati ndani?"

"Ndiye timusiye kwa mayi Sajeni kuseriku. Avomera kale."

"Mwana wanga wamkazi, msinkhu umenewu, atsale m'nyumba ya eni? Mwaiwala mtsikana uja adasiyidwa chaka chatha kuti alembe mayeso? Lero ali ndi khanda kumsana. Kumene ndikupita ine, mwana wanga akupita komweko. Kumpoto kulinso masukulu."

Nachisale adapsa mtima zedi, makamaka poti za mtsikana uja zidali zoona. Palibe chopweteka ngati munthu wouma mutu akanena zoona, chifukwa umasowa pomugwira.

M'mawa mwake adapita kusukulu kukatenga kalata yosamutsira mwana, ija amati tiransifa. Mphunzitsi wamkulu adali a Chiwaula, munthu wokonda Zione ngati wakubala yekha. Madzulo aliwonse ankamuphunzitsa masamu apadera. Koma tisabise mawu, a Chiwaula adalinso ndi njala yawo. Sukulu yawo idali isanatumizepo mtsikana ku sekondale yogonera komweko, ndipo ankadziwa kuti Zione ndiye adzawachotse manyazi.

"Kalata sindilemba, mayi," adatero.

"Ahedi, mwati chiyani?"

"Nambala ya mwanayu ili pano. Mukamuzula lero, kukamuponya kwa aphunzitsi achilendo miyezi itatu mayeso asanachitike, mwamupha. Ana a asilikali ndawaona ambiri akutayika m'njira chonchi. Kauzeni akopolo kuti popanda kalata yanga palibe sukulu imene imulandire. Akamva zimenezo aganiza bwino, amusiya."

A Chiwaula ankayesa kuti atchera kopolo msampha. Sadadziwe kuti msilikali akamva kuti munthu wachoko akumuopseza, ndi pamene amaumiratu. Lachisanu lole idabwera, ndipo Zione adakwera pamwamba pa matilesi alibe kalata.

Kumpoto, sukulu yoyandikana ndi balakisi idali m'manja mwa Mayi Msowoya. Lolemba Nachisale adafika ndi mwana wake, natulutsa mapepala onse a mayeso am'kalasi, oonetsa kuti Zione ankakhala nambala wani.

"Mapepala awa si kalata, mama," adatero Mayi Msowoya. "Zaka ziwiri zapitazo ndidalandira mwana wopanda kalata chifukwa cha chisoni. Kudapezeka kuti adali wa Fomu 2, wodzalembera mng'ono wake. Zotsatira za kalasi yonse zidaimitsidwa, makolo adaphwanya mawindo mukuwaonawa. Sindidzayambiranso. Mwanayu azikhala kumbuyo uko azimvetsera, koma dzina lake sinditumiza popanda kalata. Ndipo mudziwe kuti kusintha malo olembera mayeso kutsekedwa Malichi akatha."

"Tsono aimbireni a Chiwaula," adapempha Nachisale. "Si hedi mnzanu? Akuuzani okha kuti mwanayu ndi weniweni."

"Ine sindipemphetsa ana, mama. Amene ali ndi kalata ndiye atumize."

Taonani anthu akuluakulu atatu, aliyense ndi chifukwa chake chomveka bwino, aliyense atakhala pampando wake mwaulemu, mwana ali pakati ngati mbuzi yokokedwa ndi zingwe zitatu! Mvula ikakuona litsiro siikata. Malichi yense Nachisale ankaimba foni kummwera, ndipo yankho la a Chiwaula lidali limodzi: "M'bweretseni." Pomaliza Nachisale adawalalatira mpaka mawu kusasa, nalumbira kuti bambo ameneyo sadzamulankhulanso mpaka kalekale.

Sabata yomaliza ya Malichi, Zione adatenga foniyo n'kuimba yekha.

"Ahedi, ndine Zione. Kuno ndimakhala kumbuyo ngati mlendo. Poitana mayina, langa kulibe. Ndidakulakwirani chiyani?"

Mawu amenewo adawalasa a Chiwaula. Tsiku lomwelo adalemba kalata ija, naipereka pa basi yopita kumpoto. Ndipo poti adali munthu wosasiya ntchito m'njira, adakanenanso ku ofesi ya maphunziro kuti mwana uja wasamuka, dzina lake lichoke pa mndandanda wa sukulu yawo. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Kalata idafika m'manja mwa Nachisale pa 3 Epulo.

Mayi Msowoya adayang'ana kalata, nayang'ana kalendala, nagwetsa nkhope. Pofika nthawi imeneyo adali atamuona Zione m'kalasi, ndipo adali atadziwa kuti wakana golide.

"Kwatsekedwa, mama. Pepani. Koma musataye mtima. Poti kuno sadalowe, ndiye kuti nambala yake ikadali kummwera. Mupite naye akalembe komweko. Pakadali pano azibwera kwanga Loweruka lililonse, ndimukonzekeretsa ndekha."

Adanena ndi mtima wabwino, ndipo adamuphunzitsadi. Koma foni ija sadaimbebe kuti atsimikize. Nachisale naye sadaimbe, poti adali atalumbira.

Matewere ataona mwana wake akuwonda, mtima wa chitsulo uja udafewa. Adavala yunifolomu, napita kwa bwana wake kukapempha chilolezo choti banja lake lipite kummwera. Madzulo adabwera akukoka miyendo, nakhala pa katoni, chipewa chili m'manja.

"Akana?" adafunsa Nachisale.

"Avomera. Mupite."

"Nanga nkhope yagweranji?"

Matewere adati, "Bwana andifunsa kuti bwanji sindidanene mu Febuluwale. Akuti banja lokhala ndi mwana wa mayeso amalisiya m'nyumba mpaka alembe. Ndikadangodzaza pepala limodzi."

Pepala limodzi! Safunsa adadya phula, koma apa phulalo adadyetsa mwana. Nachisale adangotuluka panja n'kuyamba kuchapa zovala zochapachapa kale.

Meyi atafika, mayi ndi mwana adakwera basi masiku awiri, nakafikira kwa mayi Sajeni aja. M'mawa wa mayeso Zione adavala yunifolomu yake yakale, natenga mapensulo awiri osongoka bwino. Anzake adamuthamangira ndi chimwemwe. Bwalo la sukulu lidali litazunguliridwa ndi chingwe, ndipo pakhomo padaima msilikali wolondera mayeso. Woyang'anira mayeso, bambo wochokera kusukulu ina, adayamba kuitana mayina. Aliyense womva lake ankalowa. Nachisale adaima patsidya pa chingwe. Mzere udafupika, udafupikanso, mpaka bamboyo adapinda pepala lake. Pabwalo padatsala Zione yekha.

"Bambo, simudaitane mwana wanga!" adakuwa Nachisale. "Zione Matewere!"

Bamboyo adafunyulula pepala, nayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Dzina limeneli mulibe, mayi."

Apo a Chiwaula adatuluka mu ofesi. Ataona Zione adagwira kumutu.

"Mayi, mwabwereranji? Dzina ndidalichotsa! Ndidamutumiza kumpoto monga mudapempha!"

"Kumpoto kudatsekedwa chifukwa cha inu!" Nachisale adalumpha chingwe. "Mudakhalira kalata mwezi wathunthu ngati nkhuku yofungatira mazira, lero mukuti mwabwereranji? Mwana wanga ali kuti tsopano, ahedi? Kummwera kulibe, kumpoto kulibe. Nanga waimayu ndi mzukwa? Mumuike pa desiki! Akhale ngakhale pansi, koma alembe!"

"Mapepala adabwera owerengeka, mayi," adatero woyang'anira uja. "Ndilibe mphamvu."

Msilikali wapakhomo adayandikira mwaulemu. Adavala yunifolomu yofanana ndi imene Nachisale adakhala akusita zaka zonsezi.

"Mayi, pepani, ndi lamulo. Wopanda nambala atuluke kunja kwa chingwe."

Belu lidalira, chitseko chidatsekedwa. Nachisale adalira mokweza, kulira kwa ukali, osasamala kuti akumuona ndani. Zione sadagwetse msozi. Adagwira dzanja la mayi ake, nalitambasula, naikamo mapensulo awiri aja.

"Amayi, tiyeni. Kachitatu sindibwereza." Adayenda pang'ono, kenako adaima. "Mungondiuza chimodzi, kuti ndidziwe womusungira chakukhosi. Wandidyera mayeso anga ndani?"

Nachisale adatsegula pakamwa kuti atchule dzina. Mayina atatu adabwera pamodzi n'kutsamwitsana pakhosi, ndipo pansi pawo padali lachinayi limene sadafune kulimva.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, muyankheni mwanayu, poti mayi ake alephera. Kodi ndi bambo ake, amene adamuteteza ku zoopsa zenizeni koma adanyada kupempha pepala limodzi? Kodi ndi a Chiwaula, amene adamukonda mpaka kumugwira ngati chikole, n'kudzamumasula madzi atafika kale m'khosi? Kapena ndi Mayi Msowoya, amene adateteza kalasi yonse koma adalephera kuimba foni imodzi? Nanga Nachisale, amene adamenyera mwana wake nkhondo yonseyi koma adasunga lumbiro lake m'malo mofunsa, timusiye kapena timuwerengere? Wadya mayeso a Zione ndani?