Magudumu Aang'ono pa Njinga ya Mayi Telala

Pankhani yowotcherera zitsulo, a Mbaliwali analibe mnzawo, ndipo vuto lake n'lakuti iwonso ankadziwa zimenezo. Munthu akati awalangize, ankangotsitsa magalasi awo akuda owotcherera n'kuyatsa makina, malangizo onse n'kuthera m'phokoso.

Akazi awo anali telala. Miyendo inafa ali mwana, koma manja anali ndi luso loti akwati ankalimbirana. Ankasoka pa makina opukusa ndi dzanja m'shopu ya eni ake kutsidya kwa msika, ndipo ankapitako okha pa njinga ya magudumu atatu yopalasa ndi manja. Njingayo ndiyo inali miyendo yawo. Chimene ankanyadira kwambiri n'chakuti palibe ankawakankha.

Tsiku lina gudumu lakutsogolo, lomwe tcheni imakoka, linapindika pa dzenje. A Mbaliwali ataliona anaganiza zowadabwitsa akazi awo: achotse magudumu onse atatu, aikepo aang'ono a njinga za ana, kuti mpando utsike, mayi azikwera mosavuta. Maganizowo anali achikondi ndithu. Anapita kwa alamu awo, mlongo wa mayiwo, amene ankagulitsa zipangizo za njinga.

"Alamu, timagudumu timeneti mukufuna kupanga ngolo ya mphaka?" anaseka wogulitsayo.

"N'ta njinga ya achemwali anu. Isiye kutalika ngati nsanja."

Kuseka kuja kunatha. "Tamverani alamu. Gudumu likazungulira kamodzi, limayenda mtunda wofanana ndi mkombero wake. Laling'ono lili ngati mwendo wa mwana, kuti lifike pomwe lalikulu lafika liyenera kuzungulira kawiri. Ndiye wozungulitsayo ndani? Mwawafunsa eni ake?"

"Mkazi ndimagona naye nyumba imodzi ndikamufunse chiyani? Inu gulitsani, zowotcherera tisiyireni ife."

Njinga inatuluka yokongola, yopaka penti wofiira. Mayi ataiona anayang'ana magudumu, kenaka nkhope ya amuna awo yomwe inali mwee ngati ya mwana wokhoza mayeso.

"Mwaiona bwanji, mayi?"

Limenelo silinali funso, linali pempho loti ayamikiridwe. Mayi anameza mawu awo n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwagwira ntchito."

Kukwera kunaphwekadi. Koma msewu womwewo wa masiku onse unasanduka wautali. Manja ankapalasa mofulumira ngati akupuntha thonje, njinga ikungokwawa, ndipo kamwala kalikonse kankaimitsa timagudumu tija. Mayi anayamba kulawirira, komabe ankafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, phewa likuyaka moto asanagwire n'komwe makina. Madzulo ankadzithowa ndi madzi otentha kuseri kwa chitseko. A Mbaliwali ankaiona ndowa ya madziyo, koma pakamwa pawo pankangotuluka nkhani ya anthu amene ayamikira penti.

Phewa silinyengeka. Linayamba kukana kupukusa makina, mizere ya ulusi n'kumakhota. Diresi la mkwati wina litachedwa, mwini shopu anawalankhula mwaulemu kuti akapume kaye kunyumba, ndipo pampando pawo panakhala telala wina. Kuchipatala anati minyewa ya paphewa yaperepeseka, dzanjalo lisamagwirenso ntchito yozunguza.

Pobwera kuchipatalako a Mbaliwali ndiwo ankakankha njinga. Anawerama mpaka msana kuwawa poti inali yaifupi, ndipo maso awo anagwera pa timagudumu tikuzungulira mwaphuma pamtunda wochepachepa. Apo m'pamene mawu a alamu awo anawalowa.

"Bwanji simunandiuze, mayi?"

"Mukanandifunsa musanadule, ndikanakuuzani. Mutadula kale, ndikanati chiyani? Munasangalala kwambiri, bambo."

Analankhula mofatsa, popanda mkwiyo, ndipo kufatsako n'kumene kunawapweteka a Mbaliwali kuposa chipongwe. Tsiku lomwelo anakatenga magudumu aakulu kwa alamu awo, amene sanawaseke ngakhale pang'ono. Anawabwezeretsa bwinobwino, tcheni n'kuithira mafuta. Njinga inakhalanso monga kale, koma dzanja loipalasa panalibenso.

Lero mayi amakhala pakhonde, kuyang'ana anzawo akupita kuntchito, ndipo akafuna kupita kulikonse amadikira wowakankha. A Mbaliwali amawakankha mokhulupirika, chisoni chikuwadya, poti luso lawo lomwe ndi limene linawalanda akazi awo ufulu umene ankaukonda. Funso limodzi lokha likanaupulumutsa. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.